Achimwene ali ku ICU, akuti impso zaima: ndithandizeni kumvetsa

Mlongo wa ku Bangula, Lachiwiri 4:50 m'mawa
Mwadzuka bwanji nonse m'gulu muno. Pepani ndikulemba kusanache, tulo sitikubwera. Ndili ku Queens ku Blantyre kuno, ndikudikirira achimwene anga amene ali ku ICU, chipinda cha odwala mwakayakaya. Ndi asodzi, amapha nsomba ku dambo la Elephant Marsh. Masabata awiri apitawo mlamba unawabaya ndi munga wake pachidendene akuonjola nsomba mu ukonde. Kabala kake kanali kakang'ono ngati pobaya singano, anangomangapo kansanza n'kubwerera m'madzi. Patatha masiku anayi mwendo unatupa mpaka m'bondo, thupi kutentha, usiku kunjenjemera. Anagula bulufeni ndi indosidi pagolosale, ankamwa awiriawiri kuti apeze tulo. Loweruka anayamba kubwebweta, ngakhale ine osandizindikira. Tinathamangira nawo kuchipatala, kumeneko anatitumiza ku boma, ku boma anatikweza ambulasi. Dzulo adokotala anandiitanira pambali n'kundiuza kuti ndi sepsis, ndipo impso zaima. Thumba la mkodzo ndinaliona ndekha, tsiku lonse munangogwa timadontho takuda ngati tiyi wopanda mkaka. Chimene sindikumvetsa n'chakuti bala lili ku phazi, impso zili kumsana, zikugwirizana bwanji? Kumudzi ayamba kale kunena kuti pali dzanja la munthu.

Abusa a ku Tengani, 5:10
Pepani mwana wanga. Tawaika m'mapemphero a m'mawa uno. Limbani mtima, ndipo mudyeko kanthu, wodwazika matenda akafooka zinthu zimavuta pawiri.

Wa kabaza pa Dyeratu, 5:32
Pepani achemwali. Anesi athu aja ali muno, akadzuka akuyankhani.

Nesi wopuma ntchito, Nchalo, 6:15
Ndadzuka. Pepani kwambiri achemwali. Ndinagwira ntchito m'chipinda cha odwala mwakayakaya zaka zambiri, ndiye ndikuuzani monga ndikanauzira mng'ono wanga.

Palibe dzanja la munthu apa. Tizilombo tinalowa pabala paja, tinaswana m'mnofu, kenaka thupi lonse linadzuka kulimbana nato. Sepsis ndi pamene nkhondo imeneyi yapitirira muyeso, mpaka thupi kuyamba kuwononga ziwalo zake zomwe. Zili ngati kutentha tchire pofuna kupha mbewa, moto n'kulowa m'mudzi. Mitsempha ya magazi imalefuka n'kutanuka, BP imatsika, ndipo timitsempha ting'onoting'ono timayamba kuchucha madzi m'minofu. N'chifukwa chake munthu amaoneka wotupa koma m'mitsempha mwake madzi ali ochepa.

Tsono impso ndi chiwalo chadyera pa magazi. Ndi zazing'ono ngati nkhonya, koma zimalandira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a magazi onse amene mtima ukupopa. Impso imodzi ili ndi tisefa pafupifupi 1 miliyoni. Pa tsiku zimasefa malita pafupifupi 180 a madzi a m'magazi, n'kubweza pafupifupi onse m'thupi, zotsala lita imodzi ndi theka ndiye mkodzo. Chiwalo chogwira ntchito yotere BP ikatsika chimamva msanga. Ndipo si BP yokha. Poizoni wa tizilombo ndi mankhwala amene thupi limatulutsa pankhondo ija zimadutsa m'tisefa momwemo n'kuvulaza timapaipi ta m'kati mwa impso. Pali odwala ena BP imakhala bwinobwino koma impso n'kuima ndithu.

Mlongo wa ku Bangula, 6:40
Zikomo anesi, mtima wakhalako pansi pang'ono. Koma akati zaima, ndiye kuti zafa? Alamu anga akulira, akuti munthu wa impso sachira, amakhala pa makina otsuka magazi mpaka imfa.

Nesi wopuma ntchito, Nchalo, 6:58
Apa mundimvetse bwino, ndipo muwauze alamu anuwo. Matenda a impso ali pawiri. Pali aja obwera pang'onopang'ono kwa zaka, chifukwa cha shuga kapena BP yokwera, impso n'kufota. Amenewo sabwerera, ndipo akafika pamapeto ndiwo amakhala pa makina moyo wonse. Koma a achimwene anuwa ndi kuvulala kwa impso kwadzidzidzi, madokotala amalemba AKI pa fayilo. Timapaipi tija tikavulala timatha kuphukanso. Ambiri amene apulumuka ku sepsis impso zawo zimadzukanso, ena pa masiku ochepa, ena pa masabata. Sindikunamizani, matendawa ndi oopsa, ndipo sepsis ikafika pogwira impso moyo umakhala pangozi yaikulu. Koma kuima si kufa.

Mphunzitsi wa ku Ngabu, 7:20
Anesi, ndifunseko m'malo mwa ambiri. Ifeyo kunyumba tingadziwe bwanji kuti malungo wamba asanduka sepsis? Chifukwa kuno thupi likangotentha aliyense amati malungo.

Kilinikala wa kuchigwa, 12:45
Pepani ndachedwa, ndinali mu wodi. Aphunzitsi, funso lanu ndi lomwe ndimalakalaka anthu atamafunsa. Munthu amene ali ndi bala, chibayo, matenda a chikhodzodzo, kutsegula m'mimba, kapena mayi amene wangochira kumene, mukaona akupuma mwabefu, akubwebweta kapena akungogona osadzutsika bwino, manja ndi mapazi akuzizira, akulephera kuimirira, musadikire kuti kuche. Ndipo pali chizindikiro chimodzi chimene ife a kuchigwa timachita nacho manyazi, ndicho mkodzo. Ndikafunsa gadiyani kuti bambowa akodza liti komaliza, ambiri amayang'ana pansi. Mkamwini sangafunse apongozi zimenezo, mwana wamkazi sangafunse bambo ake. Koma yankho la funso limeneli limandiuza zambiri kuposa thupi kutentha.

Muyezo umene timatsata padziko lonse, wa bungwe la KDIGO wa chaka cha 2012, umati mkodzo ukachepera theka la mililita pa kilogalamu iliyonse ya thupi pa ola, kwa maola 6, impso zayamba kuvulala. Munthu wa makilogalamu 60 ndiye kuti 30 ml pa ola, 180 ml pa maola 6. Botolo la Fanta lija ndi 300 ml. Ngati munthu wamkulu wodwala kuyambira m'mawa mpaka masana sanafike ndi theka lomwe la botolo limenelo, nyamukani. Kuchipatala timayezanso creatinine m'magazi, zinyalala zochokera m'minofu zimene impso zimataya. Ikakwera kuwirikiza kamodzi ndi theka pa mmene imakhalira, ndiye kuti sefa yatsekeka. Vuto lake creatinine imachedwa kukwera, mwina tsiku limodzi kapena awiri. Mkodzo umayamba ndiwo kunena.

Mai a ku Makhanga, 13:30
Achemwali, kuli agogo ena kwathu kuno amadziwa mankhwala otsuka impso. Munthu akamwa amakodza usiku wonse. Ndikhoza kutumiza pa basi mawa, mukawapatsa mobisa pang'ono m'phala.

Nesi wopuma ntchito, Nchalo, 13:41
Mai, ndikudziwa kuti mukunena mwachikondi, koma chonde ayi. Ndagwada. Zambiri zimene munthu wamwa zimathera ku impso. Impso zikaima, mankhwala aja satuluka, amangozungulira m'magazi. Ndipo zitsamba zambiri zili ndi potaziyamu wochuluka, mchere umene ukakwera m'magazi umaimitsa mtima mwadzidzidzi. Ndinaonapo odwala amene tinalimbana nawo sabata yathunthu akutisiya usiku umodzi, m'mawa n'kupeza kabotolo pansi pa pilo. Achemwali a ku Bangula, chilichonse cholowa m'kamwa mwa achimwene anu chidutse kaye kwa anesi a mu wodimo, ngakhale madzi akumwa.

Mai a ku Makhanga, 13:55
Ndamva anesi. Ine ndimati ndithandize. Sinditumiza.

Wodula nzimbe, Nchalo, 14:20
Koma ine ndili ndi mbali ina. Malume anga analowa m'chipatala china akukodza bwinobwino, atawabaya majakisoni masiku asanu mkodzo unasiya. Ndiye tizingonena zitsamba zokha? Mankhwala achizungu nawonso amapha impso, madokotala musabise.

Kilinikala wa kuchigwa, 15:05
Achimwene, simukunama, ndipo sindibisa. Alipo mankhwala athu amene amalemetsa impso. Jakisoni wa gentamicin ndi mmodzi, makamaka akaperekedwa masiku ambiri kwa munthu wouma m'thupi kapena wokalamba. N'chifukwa chake wodwala wotere timayenera kumuyeza magazi ndi kusintha mlingo, kapena kumupatsa wina monga ceftriaxone. Za malume anu sindingaweruze, fayilo yawo sindinaione. Nthawi zambiri matenda omwe anawagonetsa m'chipatalawo amakhala akudya kale impso mwakachetechete. Koma gadiyani ali ndi ufulu wofunsa kuti jakisoni ameneyu dzina lake ndani, ndipo impso mwaziyeza? Funsani mwaulemu, palibe wogwira ntchito wanzeru amene angakwiye.

Koma mankhwala amene amandidetsa nkhawa kwambiri ndi omwe atchulidwa m'mawa aja, bulufeni ndi indosidi, komanso mnzawo diclofenac. Thupi likauma, impso zimadziteteza potanula kamtsempha kolowetsa magazi m'sefa. Mapiritsi amenewa amatseka njira yodzitetezera imeneyo. Ndiye taganizani munthu wodula nzimbe kapena wa kudimba mu Okutobala, kutentha kwapitirira madigiri 40, thukuta kamukamu, madzi wamwa pang'ono, thupi likuphwanya, n'kumeza indosidi awiri. Akadzagwidwa ndi sepsis, impso zimakhala zatopa kale. Thupi likatentha imwani panado pa mlingo wake, ndipo pitani mukayezetse.

Mlongo wa ku Bangula, 15:30
Mayo ine. Indosidi wachiwiriyo ndinakawagulira ndine.

Nesi wopuma ntchito, Nchalo, 15:36
Musadziweruze achemwali. Munaona mbale wanu akubuula, munachita zimene aliyense wa ife akanachita asanadziwe. Amene anawanyamula kupita nawo kuchipatala ndinunso.

Wodula nzimbe, Nchalo, 15:50
Adokotala ndamva. Ku ntchito kwathu indosidi timamwa ngati switi. Ndiwauza anzanga.

Mphunzitsi wa ku Ngabu, 19:10
Funso lina. Ngati vuto ndi BP kutsika ndi madzi kuchepa m'mitsempha, bwanji osangomuika madiripi ambiri konkuno ku Ngabu kapena ku Nsanje, m'malo mokwera naye phiri lonse lija mpaka ku Blantyre? Kuchokera ku Nsanje ndi makilomita oposa 170, munthu ali gone.

Kilinikala wa kuchigwa, 20:25
Diripi ndi wofunika, ndipo ndi amene timayambira, pamodzi ndi mankhwala opha tizilombo. Munthu akafika BP itagwa, jakisoni woyamba ayenera kulowa ola loyamba lisanathe. Malangizo a mayiko olemera amati madzi okwana 30 ml pa kilogalamu m'maola atatu oyamba. Koma nkhaniyi si yophweka kuno kwathu. Mu 2011 kafukufuku wotchedwa FEAST, wa ana odwala kwambiri ku Kenya, Uganda ndi Tanzania, anapeza kuti ana amene anathiridwa madzi ambiri mofulumira anamwalira ochuluka kuposa amene sanathiridwe motero. Mu 2017 kafukufuku wina wa akuluakulu ku Lusaka anapezanso zofanana. Paja anesi anena kuti mitsempha imachucha. Madzi ukathira mopitirira, impso zili zotseka, alibe kotulukira. Amakathera m'mapapo, munthu n'kumira ali pabedi. Ndiye timathira pang'ono, kuyeza, kumvetsera m'chifuwa, kuona thumba la mkodzo, n'kuthiranso. Kolera ndi nkhani ina, pamenepo madzi atayikadi ndipo timawabweza mothamanga.

Madzi akakanika kukweza BP pamafunika mankhwala ofinya mitsempha, monga noradrenaline, oyenda ndi kapampu usana ndi usiku, namwino ali pompo, kuti BP ya pakati, imene timawerengera kuchokera pa nambala ziwiri zija za BP, isatsike pansi pa 65. Pamafunika okosijeni, mwina makina opumira, ndi labu yoyeza potaziyamu tsiku ndi tsiku. Ndiponso gwero la matenda lichotsedwe: ngati mwendo uli ndi mafinya, aung'ambe atsuke. Izi ndi zimene timakwerera phiri. Makina otsuka magazi a boma odwala a kuchigwa kuno amawapeza ku Queens, ena ali ku Kamuzu Central ku Lilongwe.

Bambo a ku Marka, 21:15
Ndakhala ndikungowerenga. Ine bambo anga anapita chaka cha Freddy, mu 2023. Tinali pa kampu madzi atatithamangitsa. Anatsegula m'mimba masiku awiri, kenaka kunasiya, ife n'kumati achira. Koma sanakodzenso. Ndinkawaperekeza ine kuchimbudzi, ndinkaona kuti sakupempha kupita, koma ndinkati poti sakudya. Tsiku lachinayi anatupa nkhope, mpweya unkanunkha mkodzo. Misewu inali itaduka. Lero ndi pamene ndamva dzina la chimene chinawatenga. Sindikudandaula munthu, ndangoti ndinene.

Abusa a ku Tengani, 21:24
Pepani bambo. Chaka chimenecho chinatisiyira mabala ambiri m'chigwa muno.

Nesi wopuma ntchito, Nchalo, 21:40
Pepani achimwene. Mwachita bwino kunena, wina awerenga ndipo akumbukira. Sepsis si ya kuno kokha. Chiwerengero chimene bungwe la WHO limagwiritsa ntchito chimati mu 2017 anthu pafupifupi 49 miliyoni anadwala sepsis padziko lonse, ndipo 11 miliyoni anamwalira. Koma kwathu kuno njira zake n'zambiri: madzi osefukira, kolera, malungo aakulu aja mkodzo umada ngati Coca-Cola, mabala a m'madzi, uchembere. Ndipo mtunda ndi wautali.

Mlongo wa ku Bangula, Lachitatu 10:05
Mwaswera bwanji. Usiku anawatengera ku fiyeta, atsuka mwendo, akuti munatuluka mafinya ambiri. BP akuti yayamba kugwira. Koma potaziyamu wakwera ndipo akufuna kuwaika pa makina otsuka magazi lero. Andipatsa pepala loti ndisayine. Akuluakulu kumudzi akukana, akuti makinawo amamwa magazi a munthu ndipo ukangoyamba susiya. Dzanja likunjenjemera. Ndichite chiyani?

Mai a ku Muona, 10:18
Achemwali, sayinani. Ndikulankhula ine amene ndinagonapo pa makina amenewo. Nditachira mwana wanga wachitatu kwa opaleshoni, patatha masiku asanu ndili kunyumba ndinayamba kutentha thupi, kumusi kukutuluka zonunkha. Ndinabisa, manyazi. Mmene ankandinyamula pa machira n'kuti ndisakudziwa kanthu. Anandiwolotsa, mpaka ku Blantyre. Mkodzo unasowa masiku asanu ndi atatu. Anandiika kapaipi pakhosi apa, magazi amatuluka, kudutsa m'makina, n'kubwerera m'thupi mwanga momwemo, ndikuona ndi maso anga. Palibe amene anatenga ndi dontho lomwe. Anandiika kanayi. Tsiku lina m'mawa anesi anakweza thumba m'mwamba akuseka, amayi anga analulutira mu wodi anthu onse kudzidzimuka. Mwana uja pano ali sitandade 2, ine ndikulima mpunga, makinawo sindinawaonenso.

Kilinikala wa kuchigwa, 10:37
Mai a ku Muona anena zonse. Ndingowonjezera kuti makinawo sachiza impso, amangogwirizira ntchito yake kuti munthu akhale moyo pamene impsozo zikudzikonza. Amaikidwa potaziyamu akakwera moopsa, asidi akachuluka m'magazi, madzi akadzaza m'mapapo, kapena zinyalala zikafika posokoneza mutu. Ulendo umodzi ndi maola angapo, woyamba amaufupikitsa dala. Zovuta zilipo, BP imatha kutsika ali pa makina ndipo kapaipi kaja kayenera kusamalidwa kuti kasalowetse tizilombo tina. Afunseni adokotala akufotokozereni zonse musanasayine, ndi ufulu wanu. Koma potaziyamu wokwera sadikira msonkhano wa kumudzi.

Nyakwawa wa kufupi ndi Bangula, 10:52
Mwana wanga, akuluakulu akwanuwo ndikuwadziwa. Ndikupita komweko pa njinga tsopano lino ndikakhale nawo pansi. Iwe sayina.

Mlongo wa ku Bangula, 11:20
Ndasayina. Takhuta mfumu. Takhuta nonse.

Mtsikana wa ku Chapananga, 16:45
Pepani kulowetsa yanga. Ine ndimamwa ma ARV, ndipo ndinamva kuti nawonso amawononga impso. Nditawerenga zonsezi mantha andigwira. Ndisiye?

Kilinikala wa kuchigwa, 17:10
Musasiye achemwali, ngakhale tsiku limodzi. M'piritsi la ma ARV lotchedwa TLD muli tenofovir, amene kwa anthu ochepa amavutitsa impso, n'zoona. Koma mukasiya chitetezo chimatsika, ndipo sepsis imene tikukambayi imakonda kwambiri thupi lopanda chitetezo. Mukapita kukatenga mankhwala pemphani akuyezeni impso. Zikapezeka ndi vuto alipo ena osinthira. Ndipo mukadwala n'kugonekedwa, auzeni madokotala msanga kuti mumamwa chiyani.

Mlongo wa ku Bangula, Lolemba 6:30
Mwadzuka bwanji abale anga. Ndinakhala chete, masiku anali olemera. Pa makina awaika katatu. Lachisanu anatsegula maso n'kunditchula dzina. Dzulo thumba linafika 350 ml, lero m'mawa anesi andionetsa 900 ml, woyera bwino. Sindinaganizepo kuti ndingalire ndi chimwemwe poona mkodzo wa achimwene anga. Akuti mwina mawa atuluka mu ICU kupita ku wodi. Ayamba kupempha chakudya, akuti akufuna nsima ya therere ndi nthochi.

Nesi wopuma ntchito, Nchalo, 6:52
Ambuye alemekezeke! Koma therere lothira chidulo ayi kaye, chidulo ndi phulusa, potaziyamu yekhayekha. Nthochi, mbatata, tomato wambiri ndi masamba nazonso zidikire mpaka adokotala atanena kuti magazi ali bwino. Dziwaninso kuti impso zikamadzuka zimatha kutaya madzi mopitirira, malita atatu kapena anayi pa tsiku, chifukwa zimayamba kusefa zisanakumbukire kubweza. Nthawi imeneyo munthu akhoza kuumanso. Ndiye pitirizani kulemba m'kabuku zimene amwa ndi zimene akodza, muziwaonetsa anesi. Akadzatuluka, bulufeni ndi indosidi asadzayandikirenso, ndipo pakatha miyezi itatu akayezetse creatinine ndi BP ngakhale akumva bwino, chifukwa mwa ena impso sizibwerera mwakale ndipo sizipweteka pochenjeza. Muonetsetse kuti m'buku lawo la kuchipatala alembamo kuti anadwalapo AKI.

Mlongo wa ku Bangula, 7:05
Ndalemba zonse anesi. Vuto latsala ndi mwendo, bala ndi lalikulu, akuti litenga nthawi. Iwo ayamba kale kufunsa za bwato lawo.

Wa kabaza pa Dyeratu, 7:14
Bwato lisawadetse nkhawa, mlamu wanga ali ku Bangula komweko, alikokera kumtunda lero. Ine ndikukwera Lachitatu ndi minibasi yam'mawa. Ufa mukadali nawo achemwali? Ndipo makala?

Mlongo wa ku Bangula, 7:19
Ufa watsala wa masiku awiri. Makala alipo. Mukabwera mundiimbire muli pa geti, ndidzatuluka.